Nsapato za Mayi Fidencia

Kwathu kuno ku West Side, mumzinda wa San Antonio, mukafunsa za Mayi Fidencia Olvera anthu amayamba akufunsani kaye kuti, "Ati? A nsapato aja?" Eya, ndi omwewo. Ndi mayi wamfupi wa zaka 56, wa manja odzaza zipsera za chiwaya, amene wakhala akuphika totiya, timikate tathu topyapyala ta ufa wa chimanga, pakafakitale ka pamsewu wa Zarzamora kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Kunsi kwa bedi lawo kuli mapeyala khumi ndi anayi a nsapato. Peyala ina ili m'kabati kuntchito, ina kunyumba kwa mnzawo Herlinda, ina anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuibisa kuseri kwa nyumba. Musaganize kuti ndi nsapato zotchenera. Zonse n'zakuda, zafulati, zomanga ndi zingwe, zija munthu amavala akafuna kuyenda mtunda wautali.

Herlinda, amene amaphika nawo pachiwaya chimodzi, yemwenso ndi mayi waubatizo wa mwana wawo, satopa kuwaseka.

"Achemwali, inu mapazi muli nawo angati? Ngakhale bongololo sangazimalize nsapato zimenezi."

"Zisiyeni, sizikudya nyemba zanu," amayankha choncho Mayi Fidencia, uku akutembenuza totiya ndi zala.

Anabadwira kumudzi wina wouma ku Zacatecas, kumene mbuzi zinali zambiri kuposa anthu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakwatiwa ndi Nicanor, mnyamata woimba gitala, wa ndevu zometa bwino, amene atsikana onse a m'mudzimo ankamulota. Patapita zaka ziwiri anawoloka mtsinje wa pamalire a dziko n'kudzakhala kuno, m'kanyumba ka zipinda ziwiri koyang'anana ndi kwa Herlinda. Nicanor anapeza ntchito yokhoma madenga. Fidencia analibe mapepala omulola kukhala m'dziko lino, analibe m'bale, ndipo Chingerezi ankangodziwa cha moni basi.

M'mwezi wachitatu bambo wina wa pagolosale anamuthandiza kunyamula thumba la ufa, Nicanor n'kumva. Madzulo ake chibakera cha Nicanor chinamugulula Fidencia dzino. M'mawa mwake anaona mwamuna wake akutola nsapato zake, peyala yokhayo imene anali nayo, n'kuziika m'chikwama cha chakudya pamodzi ndi totiya ndi nyemba zimene iye anali atangomulongedzera kumene.

"Ukazifuna uzindidikira," anatero Nicanor, n'kumupsompsona pachipumi.

Zinakhala choncho zaka zisanu ndi zinayi. Amene sanapondepo phula la San Antonio mu Ogasiti ndi phazi lopanda kanthu ndi amene angafunse kuti bwanji sanangothawa. Phula lake limasupula khungu usanafike n'komwe pakona. Komanso mkazi woyenda chosavala nsapato mumzinda wa eni ake, mwana ali m'manja, aliyense amamucheukira, kuphatikizapo apolisi, ndipo kwa munthu wopanda mapepala apolisi ankaopsa kuposa chibakera cha mwamuna. Lamulungu lokha ndi limene nsapato zinkabwerera kwa mwini wake. Nicanor ankazipolisha yekha pakhonde anthu onse akuona, kenako n'kugwada kumuveka mkazi wake kuti apite ku Misa. Amayi odutsa ankagundana m'nthiti, amvekere mwamuna ndi ameneyu.

Nicanor anagwa padenga la nyumba yosanja n'kumwalira, mwana wawo Noemi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anzake a kuntchito anabweretsa chikwama chija m'nyumba mutadzaza kale anthu odzapepesa. Noemi ndiye anachitsegula, pofuna kuona ngati bambo ake anamusungirako siwiti monga ankachitira masiku onse. Anatulutsa nsapato.

"Amayi, nsapato zanu zikutani m'chikwama cha adadi?"

Amuna anali ataimirira zipewa zili m'manja, wansembe ali pomwepo, mtembo usanabwere n'komwe. Kwathu kuno munthu akafa sitimunena. Chaka chilichonse pa 2 Novembala timamuikira chithunzi patebulo, maluwa achikasu, kandulo ndi chakudya chimene ankakonda, kuti mzimu wake ukabwera kudzacheza upeze tikumukumbukira bwino. Fidencia anayang'ana kamwana kamasiye kaja, ndipo bodza linangotuluka lokha.

"Bambo ako ankandikonda kwambiri, mwana wanga. Ankazitenga kuti akandisowa kuntchito azizigwira."

Azimayi amene analipo analira chokweza kuposa mmene analirira atamva za imfayo. Pofika tsiku loika maliro nkhaniyo inali itazungulira West Side yonse, ndipo chaka ndi chaka inkangokomerakomera. Noemi ankaipempha pogona, ankailemba kusukulu, ndipo Novembala aliyense ankaika nsapato zija pafupi ndi chithunzi cha bambo ake. Mayi ake ankangoyatsa kandulo. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma mwana akakhala wamng'ono umati akule kaye, akakula umati alembe kaye mayeso, kenako umangozindikira wavala zoyera akukwatiwa.

Ntchito ya pafakitale anaiyamba patangotha sabata ziwiri chiikireni maliro, ndipo chinthu choyamba kugula chinali nsapato. Zaka zinapita ali pachiwaya kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Bambo Eusebio a pabucha, munthu wofatsa wamasiye, anawafunsira kawiri konse, koma Mayi Fidencia akangomva fungo la polishi pansapato za mwamuna ankafutukira kutali. Anakana. Anthu anati onani, mayiyu mtima wake anaukwirira limodzi ndi Nicanor, ndipo bodza lija linanenepanso pamenepo.

Noemi anakwatiwa ndi Ramiro, wokonza makina oziziritsa m'nyumba, mnyamata waulemu mpaka kutopetsa. Apongozi ake ankawatsegulira chitseko cha galimoto, ankawanyamulira chikwama, sankakhala pansi iwo asanakhale. Banjali linakakhala kumpoto kwenikweni kwa mzinda, ku nyumba zatsopano zofanana zija, kumene basi imathera kutali ndipo aliyense amayenda pagalimoto. Patangotha chaka Noemi anasiya uphunzitsi, akuti akufuna azilemba mabuku ali pakhomo. Kudzaona mayi ake kunasanduka kwa Lamulungu lokha, Ramiro ali pambali. Mayi Fidencia, amene anayenera kukhala oyamba kuzindikira, ankangoti ana a masiku ano ndi otanganidwa.

Kenako unafika mwezi wathu uja, kuyambira pakati pa Sepitembala mpaka pakati pa Okutobala, umene dziko lino limakumbukira kuti nafenso olankhula Chisipanishi tilipo. Masitolo amapachika timbendera ta mapepala, mabwana amene chaka chonse amalephera kutchula maina athu amavala zipewa zazikulu, ndipo chilichonse amachithira tsabola. Chaka chimenecho atsikana a kulaibulale ya m'dera lathu anati atopa ndi magule ndi zithunzi zakale. Chikhalidwe chathu achikondwerera powerenga mabuku achikondi olembedwa ndi anthu athu, ndipo anasankha mtundu umene iwo amautcha chikondi chamdima. M'mabuku amenewa mwamuna amakhala chigawenga cha maso okongola. Amaba mkazi, amamutsekera m'nyumba, amaopseza aliyense womuyang'ana, ndipo pofika tsamba lomaliza mkaziyo amakhala atapenga naye. Atsikanawo ankati kale mabuku oterewa ankalemba ndi azungu okha, koma tsopano zigawengazo zili ndi maina ngati athu ndipo zimadya zimene timadya ife. Ankanyadira zimenezo ndi mtima wonse.

Pamwamba pa mndandanda wawo panali buku la Noemi. Linali litatuluka m'Chingerezi chaka chapitacho, ndipo mayi ake analiimika pamwamba pa wailesi yakanema n'kumalipukuta fumbi, osatha kuliwerenga. Tsopano linali litatuluka m'Chisipanishi. Herlinda anabwera nalo kuntchito n'kumawerengera anzake nthawi ya nkhomaliro, onse atakhala pamakatoni kukhomo lakumbuyo.

Tsiku lachinayi Herlinda anakonza magalasi ake n'kutsitsa mawu ngati mwamuna. Chigawenga cha m'bukumo chinali chitagwada, chikuvula mkazi nsapato n'kuziika m'chikwama popita kuntchito zake zaupandu, kuti tsiku lonse chizimva kuti ali pafupi.

"Mayo ine!" anakuwa Yadira, mtsikana wolongedza totiya m'mapaketi, akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni. "Wanga uja akanditengera kanthu ndi chaja ya foni basi."

"Wako uja angatenge nsapato zako? Angakomoke ndi fungo asanafike pageti," anatero wina, onse n'kufa nalo phwete.

"Mayi Fidencia, mwana wanu ndi katswiri," Yadira anapitiriza. "Mwamuna ngati ameneyu atandipeza ine, ndi mapazi omwe ndingamupatse."

Mayi Fidencia anasiya totiya yawo pakatoni osaimaliza. Anadzuka n'kukaima pachiwaya nthawi yopuma isanathe.

Loweruka masana kunali mwambo kulaibulale, mlendo wolemekezeka ali Noemi. Holo inadzaza. Atsikana ena, pochita nthabwala, anavula nsapato pakhomo n'kulowa atazinyamula m'manja, akujambulana pafoni. Mayi Fidencia anapatsidwa mpando wakutsogolo. Noemi anawerenga masamba awiri, kenako anatseka buku.

"Anthu amandifunsa kuti nkhani ya nsapato ndinaitenga kuti," anatero. "Sindinapeke. Ndi ya makolo anga. Bambo anga ankanyamula nsapato za amayi anga tsiku lililonse mpaka tsiku limene anamwalira. Umu ndi mmene amuna a mtundu wathu amakondera. Amayi, imirirani akuoneni."

Anaimirira, nanga akanatani. Anthu anaomba m'manja mpaka makutu kuwawa. Mtsikana wina wosavala nsapato anawakumbatira akulira, akuti anali ndi mwayi. Koma maso a Mayi Fidencia anali pansi monga mwa masiku onse, chifukwa iwo munthu amayamba kumuona kumapazi. Nsapato za Noemi anazidziwa. Ndi zomwe anavala pa Pasaka, zomwenso ankabwera nazo Lamulungu lililonse, koma chidendene chake chinali chosadyeka ngakhale pang'ono. Zinali zopolishidwa mpaka m'mphepete mwa soli, malo amene mwini nsapato sadzivuta kupolisha. Potsika pansanja Noemi ankaponda mosamala ngati munthu wobwereka mapazi. Kalamba ka nsapato imodzi kanamasuka, ndipo Ramiro anathamanga, anagwada pamaso pa anthu onse n'kukamanga. Holo yonse inati aaa! Mayi Fidencia anagwidwa ndi mantha amene sanawamvepo ngakhale Nicanor ali moyo.

Pobwerera, akudikira basi, anamuuza Herlinda zonse: za dzino, za chikwama, za phula. Kanali koyamba kuzinena ndi pakamwa. Herlinda ankangoyang'ana kumene kuchokere basi.

"Ndinkadziwa, achemwali. Zenera langa linkayang'ana khomo lanu. Zaka zonse zija simunatulukepo pakati pa sabata, mumayesa ndinalibe maso?"

"Nanga pamaliro paja munkalira chiyani?"

"Nkhaniyo inali yokoma. Tonse tinkaifuna, aliyense anali ndi zake kunyumba." Herlinda anapukuta magalasi ndi siketi yake. "Ine ndimati buku ndi buku basi. Za mwanayu sindinaziganize."

Lachiwiri Mayi Fidencia anajomba kuntchito koyamba m'zaka zonsezi. Anakwera mabasi awiri, kenako anayenda mphindi makumi anayi m'mphepete mwa msewu wopanda poyenda anthu, dzuwa likuswa mtengo. Noemi anatsegula chitseko modabwa. Anali wosavala nsapato. Mayi ake anayang'ana pakhonde, kuseri kwa chitseko, kunsi kwa mpando. Panalibe ngakhale silipasi imodzi.

"Nsapato zako zili kuti?"

Noemi anaseka, koma anapinda zala zakumapazi. "Zili m'galimoto ya Ramiro. Ndi masewera athu, Amayi. Ndinamuuza nkhani yanu ija tikungoyamba chibwenzi, ndiye inamukhudza kwambiri."

"Zonse?"

"Ine ndimagwira ntchito pakhomo, ndizifuniranji?"

Mayi Fidencia anakhala pampando wa kukhitchini. Anapisa zala m'kamwa, anazula dzino lawo lochita kuikirira n'kuliika patebulo, pakati pa mapepala a buku lachiwiri limene Noemi ankalemba. Anafotokoza zonse osakometsera pena paliponse, kuyambira thumba la ufa lija. Noemi anamvetsera ataimirira, atagwira m'mphepete mwa sinki.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu mwakhala mukundiuza zina," anatero pomaliza. "Munkandiona ndikuika nsapato patebulo la adadi, osanena kanthu. Loweruka lomweli munaimirira anthu akukuomberani m'manja. Ndiye lero ndikhulupirire ziti?"

"Khulupirira dzinoli, mwana wanga. Ndinakunamiza chifukwa unali wamng'ono, ndiponso ndinkachita manyazi. Wolakwa ndine. Kodi wayamba kukumenya?"

"Ramiro si adadi. Ine ndikafuna kutuluka nditha kutuluka."

"Tiye tsono. Basi ya thu koloko tiipeza."

"Amayi, pali atsikana ambirimbiri amene amandilembera. Buku lachiwiri akulidikira mu Disembala. Ndikawauze kuti chiyani? Kuti zonse zija..." Anasiyira pomwepo n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. "Nthawi zina amabwera kudzadya nkhomaliro. Asakupezeni muno mutazula mano."

Mayi Fidencia anabwezera dzino m'kamwa. Anawerama, anamasula zingwe, navula nsapato zawo. Phazi lawo ndi la Noemi ndi saizi imodzi. Analowa m'kachipinda kochapira n'kuzikankhira kuseri kwa makina, mwana wawo akuona.

"Izi sakuzidziwa. Ndi zoyenda nazo mtunda. Tsiku lililonse, ola lililonse, khomo langa ukulidziwa. Ngati sutha kulankhula, lemba. Kulemba ndiye ntchito yako."

"Nanga inu mupita bwanji?"

"Mmene ndinayenera kupitira kalekale."

Mphindi makumi anayi zija anaziyenda ndi masokosi okha. Phula la Okutobala silitentha ngati la Ogasiti, komabe pofika pokwerera basi masokosi anali atang'ambika, mapazi atatuluka matuza. Anthu a m'magalimoto ankawacheukira n'kumapitirira. Palibe wapolisi anawaimitsa, palibe chinachitika chilichonse, ndipo chimenecho ndicho chinawaliza m'basi monse: ulendo umene anauopa zaka zisanu ndi zinayi unali wotheka.

Lachitatu lonse foni inali m'thumba la epuloni, koma sinalire. Lachinayi nthawi ya nkhomaliro Herlinda anati maso akumuwawa n'kupatsira Yadira bukulo. Yadira asanamalize tsamba, galimoto ya Ramiro inaima kukhomo lakumbuyo. Mkamwiniyo anatsika atavula chipewa, m'manja muli kathumba ka pepala.

"Amayi, mwaswera bwanji? Munaiwala izi kwathu. Noemi akuti musamayende chosavala, mudzabayidwa ndi mabotolo." Anamwetulira atsikana aja. "Komanso ulendo wina muzindiimbira kaye, ndizidzakutengani ndekha. Kwathu kuja n'kutali kwa munthu wamkulu ngati inu."

Anatulutsa nsapatozo. Zinali zopolishidwa mpaka m'mphepete mwa soli, zingwe zitachapidwa. Anayamba kupinda bondo kuti awaveke, koma Mayi Fidencia anazitsomphola n'kufutukira m'mbuyo.

"Ngati m'buku muja!" ananong'ona Yadira, dzanja lili pamtima. Herlinda anayang'ana pansi.

Kaya Ramiro anazipeza yekha kuseri kwa makina kuja, kaya Noemi ndiye anamupatsa, Mayi Fidencia sakudziwa mpaka lero, ndipo alibe womufunsa, chifukwa kuyambira sabata imeneyo banja lija silibweranso Lamulungu. Tsikulo galimoto itachoka analowa m'chimbudzi cha pafakitale n'kukhoma chitseko. Anapisa dzanja m'nsapato yakumanja mpaka kunsonga, kenako yakumanzere. Anachotsa kansalu ka m'kati, anazikutumula, anasuzumira kunsi kwa zingwe. Munalibe kapepala kalikonse kochokera kwa Noemi. Anayambiranso yakumanja, mpaka Herlinda anagogoda kudzawauza kuti totiya zikupserera.